Zotsala za Swalehe

Mukafika ku Marabastad n'kufunsa za Swalehe Milazi, anthu akuyang'anani ngati mwasokera. Koma mukanena kuti mukufuna wa zikwangwani, aliyense akulozerani kuseri kwa shopu ya mabulangete, kumene kuli kachipinda kamalata kopanda zenera. Mitu ya anthu ometa bwino imene mumaiona pa makoma a malo ometera, nkhuku zonenepa za pa zikwangwani za ogulitsa chakudya, zonsezo ndi manja ake. Ameneyo ndi mlongo wanga, wondipondera pamutu, ndipo ine Rukiya ndi amene ndinamubweretsa ku Joni kuno m'chaka cha 1997. Ngati pali woti aimbidwe mlandu pa zimene ndifotokozezi, muyambe ndi ine.

Kwathu ndi ku Ntaja, m'boma la Machinga. Swalehe ali mwana anali wa mtundu uja woti ukamutuma mchere amabwera ndi nkhani ya munthu amene wamuona pamsika, mchere osagula. Atafika ku sekondale anayamba kulemba ndakatulo kumapeto kwa makope a masamu, ndiye masamuwo mutha kudziwa nokha mmene anathera. Ndakatulo yake ina, yonena za njinga ya malemu bambo athu, inawerengedwa pa wailesi tsiku lina Lamulungu masana. Amayi anali ku maliro, ine ndinali kale ku Joni, ndipo wailesi ya kunyumba inalibe mabatire. Iyeyo anaimvera pa golosale ya eni ake ataima pakhomo. Atauza anthu amene anali pamenepo kuti walemba ndi iye, anamuuza kuti asunthe, akutchinga njira. Kuyambira tsiku limenelo mlongo wanga wakhala akufuna chinthu chimodzi chokha, choti anthu akhale pansi, aone chimene wapanga, adziwe kuti wapanga ndi iye. Chuma sanachifunepo. Mkazi anamufunapo kamodzi, koma mkaziyo anali ndi nzeru.

Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Centurion, kwa azungu ena a ana atatu ndi agalu awiri. Swalehe ndinamupezera ya m'gadeni pa nyumba yachitatu kuchokera pathu. Anakhalapo miyezi itatu. Bwana anamuuza kuti azule udzu wonse wa m'mbali mwa mpanda, iye anasiyako wina chifukwa unali utatulutsa timaluwa tachikasu. Atamuuzanso kachiwiri, m'malo mozula anayamba kufotokoza. Apa n'kuti masiku amene anamudindira m'pasipoti atatha kalekale, ngati anga omwe. Amene sanakhalepo moyo umenewu sangaumvetse. Kutuluka m'dziko muno kunali kosavuta, koma kulowanso sikunali m'manja mwako, pamene kumudzi kuli Amayi ndi ana anga awiri oyang'ana kuno. Ndiye umangokhala. Ukaona galimoto ya polisi umayenda ngati wodziwa kumene ukupita, ndipo m'sitima sulankhula.

Ntchito itatha anakapeza kachipinda ku Soshanguve, n'kumakwera sitima m'mawa kudzasaka maganyu m'tauni. Ndakatulo sanasiye, koma omumvera analibe. Eni dziko Chichewa sankachimva, ndipo ife Amalawi tikaweruka tinkafuna kugona, osati kumva za njinga. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Mme Dikeledi, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankatsogolera gulu la zisudzo m'kaholo kena. Mayiyo anamulandira bwino, ndipo ndimamuyamika mpaka lero. Vuto linali lilime. Swalehe akangotsegula pakamwa, holo yonse inkadziwa kuti si wakuno, ndipo panali ena okonda kufunsa mafunso sewero likatha. Choncho ankamupatsa mbali zosalankhula. Anakhalapo munthu wosesa, anakhalapo mlonda wogona, koma mbali imene anatchuka nayo ndi ya mtembo. M'zaka zitatu anamwalira m'masewero anayi.

Ndinapitako kamodzi kukaonera. Ndinakwera mataxi awiri ndi sitima kuti ndikaone mlongo wanga atagona pabenchi, atamufunditsa nsalu yoyera, kwa ola lathunthu. Anthu ankalira, ena ankakangana za chuma cha malemu, ine maso anga ali pa chala chake chachikulu cha kuphazi, chimene chinkagwedezeka motsatira ng'oma. Pomaliza onse anatuluka kudzawerama, iye ali kumapeto kwenikweni. Nsalu yaikulu ya kumbuyo kwa siteji, yokhala ndi sitima ndi timanyumba tamalata, anajambula ndi iye ndi penti wotsala wa anthu omanga. Palibe anatchula zimenezo. Pobwerera anandifunsa ngati ndasangalala, ndinamuuza kuti anafa bwino.

M'chaka cha 2001 anapeza kamera ya vidiyo yakale ku Marabastad, yaikulu yonyamula paphewa. Apa ndi pamene kwa nthawi yoyamba Amalawi anzake anamuona kuti ndi munthu wofunika.

Tinali ndi chizolowezi chathu ife a ku Ntaja ndi madera ozungulira. Kalata inali yovuta chifukwa makolo ambiri sawerenga, ndipo chithunzi sichilankhula. Kaseti ya vidiyo inathetsa zonsezo. Mwezi wa Disembala mabwana akapita kunyanja n'kutisiyira makiyi, Swalehe ankazungulira ndi kamera nyumba ndi nyumba, aliyense n'kupereka moni wake wa kumudzi. Komatu palibe ankapereka moni atavala ovolosi. Kalimu, amene ankagwira m'gadeni kufupi ndi ine, ankabwereka suti n'kutsamira pa galimoto ya bwana wake akuzunguza makiyi pachala, makiyiwo ali a kashedi ka mafosholo. Anifa, mnzanga wa ku Nselema, ankakhala pa sofa ya madamu atasanjikiza miyendo. Ine ndinkaima m'khitchini, n'kutsegula filiji pang'onopang'ono ngati ndikufuna kanthu, kuti Amayi aone kudzaza kwake. Palibe ananenapo ndi pakamwa kuti nyumba ndi yake. Sitinkalitcha bodza. Tinkati ndi kuwakhazika mtima pansi makolo.

Moni wa anthu onse Swalehe ankauika pa kaseti imodzi. Kasetiyo ndinkaikulunga ine mkati mwa bulangete latsopano, kuti isasweke komanso isakope maso panjira, n'kupereka kwa Selemani, transipota wathu wonyamula katundu kupita ku Malawi. Amayi ankadziwa kuti bulangete la Rukiya sulifunda usanalifunyulule. Akaipeza ankavala bwino, n'kuuza mabanja onse a anthu a ku Joni, ndipo ankasonkhana pa treding'i, m'holo ya vidiyo ya mkulu wina dzina lake Idrisa. Ankaonera onse pamodzi, aliyense akudikira wake.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti Swalehe ankayatsa kamera tisanakonzeke, ndipo tikamaliza sankaizimitsa msanga. Pokonza kaseti ya kumudzi ankadula zimenezo, koma osazitaya. Ankazisamutsira pa kaseti ina, imodzi yokha, imene anailemba ndi penti woyera kuti ZOTSALA. Anaikonza zaka zitatu, akuchotsa, akuwonjezera. Tsiku lina Lamulungu masana, chaka cha 2005 chitangoyamba, anandiitanira ku Soshanguve, n'kundikhazika pa mpando wake umodzi uja, n'kuyatsa TV.

Ndinaona Kalimu akuvula ovolosi kuseri kwa garaja, akudumpha ndi mwendo umodzi. Ndinamuona atamaliza moni wake, kumwetulira kukuchoka pankhope, akupukuta ndi mkono wa suti pamene anagwira galimoto. Ndinaona Anifa akudzuka pa sofa n'kumenyamenya khushoni kuti isaoneke kuti panakhala munthu. Kenako ndinadziona ine. Ndatseka filiji, ndatenga kapu yanga yachitsulo imene inkakhala pansi pa sinki payokha, ndatuluka panja, ndakhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi mpopi, ndikudya buledi wouma, dzanja lina likusisita bondo. Pamwamba pa zonsezo pankamveka mawu a Swalehe, motsitsa:

Ndapukuta pamene ndinagwira,
ndasalaza pamene ndinakhala.
Eni ake akabwera madzulo
apeze kuti sindinabadwe.

Ndisaname, misozi inatuluka. Koma itangouma, mkwiyo unabwera.

"Ukufuna utani nayo?" ndinamufunsa.

"Mme Dikeledi aiona," anatero. "Mwezi wamawa kuli exhibition m'tauni, chionetsero cha mavidiyo ndi zojambula. Akuti andipatsa chipinda changachanga. Pa fomu alemba ID yawo, koma pakhoma alemba dzina langa."

"Ndiye madamu anga akapita kumeneko? Kapena mnzawo? Akaona filiji yawo?"

"Madamu anu sapita kumalo ngati amenewo, Achemwali."

"Ukuwadziwa iwe? Nanga apolisi? Nkhope za anthu khumi ndi awiri opanda mapepala, uziike pakhoma m'tauni ngati mbuzi zotayika? Nanga zikamveka kumudzi?"

Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Eish, Achemwali, zaka zonsezi ndakhala ndili mtembo. Ndapangako chinthu chimodzi chamoyo."

"Chamoyocho wapangira pa misana ya anzako. Unatipempha?"

Anali asanatipemphe. Ananena kuti aganizira. Koma ndimamudziwa mwana amene ndinamubereka kumsana. Akati aganizira ndiye kuti wamaliza kale kuganiza.

Kiyi ya chipinda chake ndinali nayo, chifukwa ndinkamuchapira akachulukidwa. Lachinayi, tsiku langa lopuma theka, ndinapita iye kulibe n'kutenga kaseti ija. Panjira ndinafuna kuiponya m'bini ya pasiteshoni, dzanja linakana. Munali mawu ake, ndipo ndinkadziwa kuti ina ngati imeneyo kulibe, chifukwa makaseti oyambirira ankajambulirapo zina pamwamba. Ndinaganiza zongoibisa mpaka chionetsero chidutse, kenako ndimubwezere. Ku Centurion sindikanaisunga, madamu ankalowa m'chipinda changa nthawi imene afuna. Koma ku Marabastad, kuseri kwa shopu ya mabulangete, kunali chikwama changa cha katundu wa kumudzi, chodikira Selemani amene amati anyamuka kumapeto kwa mwezi wotsatira. Ndinafunyulula bulangete, ndinaika kaseti, ndinakulunga. Manja anachita zimene anazolowera, mutu sunafunse.

Loweruka lake mnyamata wina wa ku Mangochi anamwalira pa ntchito ya zomangamanga. Abale anapempha Selemani kuti apite ndi maliro, ndipo iye sakanayenda ulendo wonsewo ndi ngolo yopanda kanthu. Anakweza katundu yense amene anali womangamanga. Ine ndinamva Lolemba, galimoto itadutsa kale malire a Beitbridge. Foni ya Selemani inkagwira kuno kokha. Ndinayesa kuimba pa bureau ya mafoni ya ku Ntaja kuti auze Amayi asafunyulule bulangete, koma mtsikana woyankha anati uthenga aupereka, ndipo mpaka lero sanaupereke.

Swalehe anasaka kaseti yake masiku atatu. Anandifunsa kamodzi kokha ngati ndaiona, ndinati ayi, ndikupinda malaya ake. Chipinda chija Mme Dikeledi anachipereka kwa munthu wina wojambula mitambo. Swalehe anapita tsiku lotsegulira, anaima pakhomo pake kanthawi, n'kubwerera pa sitima.

Ku Ntaja zinayenda monga mwa nthawi zonse. Amayi anafunyulula bulangete, anapeza kaseti, anavala bwino, anaitana mabanja.

Mafoni anayamba kulira sabata yomweyo. Apongozi ake a Kalimu, amene ankauza mudzi wonse kuti mkamwini wawo ali ndi galimoto, anasanduka choseketsa pamsika. Ana a Anifa anzawo ku sukulu ankawaseka poyerekeza kumenya khushoni akamadutsa. Mkazi wa munthu wina analongedza n'kubwerera kwawo. Aliyense kuno ankadziwa kuti kamera ndi ya ndani. Lachisanu titachoka ku mzikiti ku mapemphero a swala, amuna anayi anamudikira Swalehe pakanjira kopita ku renki ya mataxi. Kalimu anali mmodzi wa iwo. Anamugulula mano awiri akutsogolo, n'kumung'amba pamwamba pa diso lamanzere, ndipo chikope chake sichinadzatsegukenso bwino. Ku polisi sakanapita. Akanayamba ndi kumufunsa mapepala.

Ndinamupeza m'chipinda chake Loweruka m'mawa atagona chagada, nkhope itatupa. Ndinagwada pambali pake n'kumuuza zonse, kuyambira pa kiyi mpaka pa bulangete.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero movutikira. "Kiyi muli nayo ndinu nokha."

"Bwanji sunawauze anthu aja?"

"Akanamenya inu."

Ndinalira mpaka misozi kutha. Iye anadikira kuti ndimalize, kenako anandigwira mkono.

"Achemwali, anaonera anthu angati?"

Ndinamuyang'ana ndikuganiza kuti mwina amuvulaza m'mutu.

"Akuti holo inadzaza," ndinatero. "Ena anaima m'mawindo. Idrisa anaionetsa masiku atatu."

"Anaonera mpaka kumapeto?"

"Akuti palibe anatuluka."

Anamwetulira ndi pakamwa potupapo, magazi n'kuyambanso kutuluka. Ndinafuna kumumenya ndi kumukumbatira nthawi imodzi, koma ndinangotenga kansalu n'kumupukuta.

Kuyambira pamenepo panalibenso Mmalawi wolola kuima kutsogolo kwa kamera yake. Ku Soshanguve mwini nyumba anamuuza kuti sakufuna ndewu pakhomo pake, ndi mmene anasamukira kuseri kwa shopu ya mabulangete, kumalo komwe kuja ndinabisa kaseti. Ku mzikiti ankafika mochedwa n'kuima mzere womaliza. Ku Ntaja sakanapita, chifukwa kumeneko kunali mabanja khumi ndi awiri omudikira, ndipo kuno anali asanamukhululukire. Anamugwira dzanja ndi anthu a ku Mozambique ndi ku Congo, amene ankafuna zikwangwani ndipo nkhani zathu sankazidziwa. Zidutswa za matabwa zotsala anayamba kujambulapo zakezake: munthu ataima pa geti, mayi akudikira sitima, bambo atanyamula fosholo. Onse anawajambula atatembenuka, kuonetsa misana. Anati waphunzira kuti nkhope ndi ya mwini wake. Akamaliza ankaliimika thabwalo moyang'ana kukhoma, chifukwa mumalata muja mumadontha komanso munalibe womuonetsa. Ine palibe anandikayikira. Anifa ankabwera kudzandipepesa kuti ndili ndi mlongo woipa mtima, ine n'kumamupatsa tiyi.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali mawu a Amayi. Iwo akafuna kulankhula nafe ankajambulitsa mawu awo pa kaseti yaing'ono ya wailesi n'kupatsa Selemani. Inafika patatha miyezi iwiri, ndipo ndinakhala nayo sabata yathunthu m'thumba la yunifolomu osaimvera. Lamulungu ndinapita nayo kwa Swalehe kuti timvere limodzi.

Anayamba ndi moni wautali monga mwa masiku onse, m'Chiyao chawo chosathamanga, akutchula ana, mbuzi ndi mvula. Kenako anati:

"Rukiya, kanema uja ndinaonera masiku onse atatu. Anthu atatha ndinamupempha Idrisa andibwezere pamene wakhala pa ndowa paja, andionetse ndekha. Makaseti ena aja ndinkaona mayi wina wovala bwino wofanana nawe, ndinkasangalala naye, koma sindinkamudziwa. Wa pa ndowa uja ndiye mwana wanga. Umakhala choncho ukatopa, kuyambira uli wamng'ono. Bondo limenelo ndi lija unagwa nalo pachitsime. Bwanji sunanene kuti likupweteka? Uzilithowa ndi madzi otentha, usamangolisisita."

Ndinaphimba nkhope ndi mpango. Zaka zonse zija ndinkatsegula filiji ya eni ake kuti Amayi agone tulo, pamene iwo ankangofuna kuona mmene ndimakhalira pansi. Kaseti inapitirira.

"Swalehe, anthu kuno akwiya nawe, ndipo ena akwiya ndi chifukwa. Munthu sumuvula pagulu. Zimenezo ukapepese. Mawu ako ndawamva, ndinawazindikira usanamalize mzere woyamba. Koma chichokereni pakhomo pano ukungojambula ana a eni ake, iwe sindinakuonepo. Rukiya agwire chinthucho, iwe uime kutsogolo. Ndikufuna ndione nkhope yako."

Swalehe anabweza kasetiyo n'kumveranso. Kenako anadzuka n'kuyamba kutsuka mabulashi amene anali otsuka kale.

Ndinamukakamiza miyezi itatu. Pomaliza analola, tsiku lina Lamulungu m'mawa, Selemani atatsala tsiku limodzi kuti anyamuke. Anatulutsa kamera, anaipukuta fumbi, anaikhazika pa choimikira chake cha miyendo itatu kuseri kwa shopu. Anasuzumira, anakonza, anasuzumiranso. Anajambula mzere pansi ndi choko pamalo oti aimepo.

"Inu musagwire china chilichonse," anandiuza. "Mungodina kabatani kofiiraka, basi. Mukasuntha muwononga."

Ndinadina. Anapereka moni, anafunsa za mbuzi, anapepesa mabanja aja mmodzimmodzi powatchula maina. Kenako anatulutsa kapepala kachikasu kong'ambika m'mapindo n'kunena kuti, "Amayi, iyi inawerengedwa pa wailesi inu muli ku maliro." Anawerenga ndakatulo ya njinga ya bambo athu yonse. Mawu ena ankatuluka ndi kamphepo pampata wa mano paja, koma sanaime.

Titalowa m'nyumba kuti tionere, pa TV panaoneka malaya ake a penti, kapepala, ndi manja. Chithunzi chinkathera pachibwano.

"Ndalakwitsa ine?" ndinafunsa. "Tiye tibwereze."

"Simunalakwitse. Ili bwino choncho."

Ndinayang'ana mzere wa choko panja, ndinayang'ana diso lake lotsinzina theka lija, ndipo ndinamvetsa.

"Iwenso?"

"Ndi kuwakhazika mtima pansi, Achemwali," anatero, osandiyang'ana.

Ndikanatha kulimbana naye. Koma mano amenewo ndinagulula ndine, ngakhale nkhonya zinali za ena. Ndinatenga kaseti n'kuikulunga m'bulangete.

Yankho silinabwere pa kaseti. Selemani anabwera nalo pakamwa patatha mwezi. Anati Amayi anaonera okha m'holo ya Idrisa, kawiri, ndipo potuluka anamuuza kuti: "Ukamuuze kuti njinga ndaimva, inalidi choncho. Manja ndawaona, ndi a bambo ake. Nkhope abwere nayo yekha."

Swalehe anati apita akaikitsa mano. Kenako anati apita mapepala akatheka, chifukwa Mme Dikeledi anali kuyesa kumulembera makalata oti ndi waluso wofunika, koma kulikonse ankafunsa umboni wa zionetsero zimene anachitapo. Chionetsero chake chinali chimodzi, cha masiku atatu, m'holo yamalata ku Ntaja, ndipo chimenecho sichilowa pa fomu. Kenako anati apita chaka chamawa, anthu akaiwala. Selemani ulendo uliwonse ankabwera ndi funso lomwe lija, mpaka anayamba kuchita manyazi kulipereka. Amayi anamwalira mu Ramadani wa 2008, m'mawa, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chathu. Foni inatipeza anthu atabwerako kale kumanda.

Masiku ano ndimapita ku Marabastad Lamulungu lililonse ndi chakudya chofewa, chifukwa mano aja sanaikitsebe. Matabwa ake achuluka moti bedi analisunthira pakati pa chipinda. Onse akuyang'anabe kukhoma kupatula limodzi, limene analipachika pamwamba pa chitseko pamene sipadontha. Ndi mayi wachikulire atakhala yekha pabenchi m'holo yamalata, watitembenukira msana, mpango wake womanga mopendekera kumanzere monga ankamangira Amayi. Kutsogolo kwake kuli TV. Bokosi la TV analimaliza bwinobwino, mpaka timabatani, koma pagalasi pake padakali thabwa losapenta.

Sabata yatha ndinamufunsa kuti adzamaliza liti. Anayang'ana thabwalo nthawi yaitali, lilime likuyenda pampata wa mano, n'kunena kuti penti woyenera sanamupeze. Panja munthu wina anali kuitana wa zikwangwani. Swalehe anatenga bulashi ndi chitini cha penti wachikasu, n'kupita kukamaliza nkhuku ya eni ake.